Maola Atatu Amene a Jasinto Sanalipo

Kudera la Mongue, nkhondo itangotha

Ana anga, za ubwana wanga ndazilumpha dala. Munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo amazikometsa kuposa ine. Ndiyambira pamene boma linandipatsa gauni loyera ndi kalata yonena kuti ndine namwino, ndikayambe ntchito kudera la Mongue. Nkhondo inali itangotha. Anthu ankabwerera kuchokera ku Malawi ndi mitolo pamutu, ena atabereka ana obadwira kutsidya kwa mtsinje wa Ruo. Chipatala chimene ndinachipeza chinali cha zipinda ziwiri, chimodzi chopanda denga, ndipo mankhwala onse ankakwana m'katoni imodzi ya sopo. Bwana wanga woyamba anali a Simau, namwino wachikulire, wamfupi, amene ngakhale moni ankapereka ngati akukalipa. Ine ndinali wodzimva kwambiri. Ndinkasita gauni langa tsiku lililonse, ndipo ndinkalankhula Chipwitikizi ndi agogo amene sankachimva n'komwe, kuti adziwe kuti kwabwera wophunzira.

Kudzimva kumeneko kunatha sabata yachitatu. Mayi wina amene anali pamzere wa sikelo anakuwa kamodzi n'kugwa chagada, thupi lonse likugwedezeka, thovu kukamwa. Mzere wonse unabalalika. Inu mwakulira m'nyumba ya namwino, mwina simudziwa kuti kwathu kuno anthu ambiri amakhulupirira kuti khunyu imapatsirana, kuti ukakhudza thovu lija nawenso udzayamba kugwa. Ine ndinali nditawerenga m'mabuku kuti limeneli ndi bodza, koma miyendo yanga sinawerenge nawo mabukuwo. Ndinangopezeka ndili kuseri kwa mtengo limodzi ndi azimayi.

"Iwe!" anakuwa a Simau. "Zaka zonse zija unkaphunzira kuthawa? Tabwera kuno!"

Anagwada, n'kuwagoneka mayiwo cham'mbali, n'kuwatsamiritsa chitenje. Kenako anapukuta thovu lija ndi dzanja lawo, n'kulikweza m'mwamba kuti aliyense alione, makamaka ineyo. Manyazi amene anandigwira tsiku limenelo sindinawaiwale. Koma chimene chinandisautsa kwambiri chinabwera pambuyo pake. Mayiwo anagona nthawi yaitali, mzere unatha, dzuwa linapendeka. Atadzuka anakonza mpango wawo n'kufunsa, mwaulemu ndithu, kuti mayi wa chitenje chofiira amene anali patsogolo pawo wapita kuti, chifukwa iwo ndiwo otsatira. Mayi wa chitenje chofiirayo n'kuti atafika kale kwawo, mwinanso ataphika. Kwa ife panali patadutsa theka la tsiku, koma kwa iwo sipanadutse kanthu.

Tikutseka chipatala ndinawafunsa a Simau kuti, "Kodi nthawi yonse ija mayi aja anali kuti?"

"Ukufunsa ine? Ine ndimadziwa kumanga mabala," anatero. "Zinazo kafunse ansembe."

Ndinakhala nawo zaka zisanu. Zambiri zimene ndinkachita ndi manja pa ntchito yanga ndinaphunzira kwa iwo, osati kusukulu.

Kusukulu kachiwiri, ndi chipatala chimene sindichitchula

Funso lija ndi limene linandibwezera kusukulu. Boma litayamba kufuna anthu oti aphunzire za matenda a m'mutu, anzanga ankaseka kuti wopita kumeneko adzabwerako atapenga nawo. Ine ndinalembetsa. Mayi anu anatsala ndi inu awiri oyamba, Lusiya ndi Tomasi, ndipo anakulerani ndi geni ya nthochi ndi mtedza pa msika wa Milange. Kusukuluko mphunzitsi wina anatiuza kuti ubongo umayendera timagetsi ting'onoting'ono, ndipo khunyu ndi pamene timagetsito tasokonekera tonse nthawi imodzi. Tsiku lina anationetsa makina amene amamata mawaya kumutu n'kumalemba mizere papepala. Ndinadzipereka kuti ayesere pa ine. Nditaona mizere yanga ikukwera ndi kutsika, ndinafunsa ngati ineyo ndine mzerewo, kapena ndine amene ndikuuyang'ana. Kalasi yonse inafa nazo kuseka. Mphunzitsi anati funso limenelo silibwera pa mayeso, koma anthu ophunzira akhala akukangana nalo kuyambira kalekale ndipo sanagwirizanebe. Ndinakhumudwa, chifukwa ndinkayesa kuti ku mzinda waukulu yankho lililonse lilipo.

Nditamaliza ananditumiza ku chipatala china chakumidzi, ulendo wa theka la tsiku pa njinga kuchokera m'tauni ya Milange. Dzina lake sindilemba, ngakhalenso la bwana wanga wa kumeneko, chifukwa naye ali ndi ana ngati inu. Tonse tinkangowatchula kuti a shefi. Sanali munthu woipa. Anali munthu wamantha, ndipo mawu awo a tsiku ndi tsiku anali akuti "pasiyensiya", kutanthauza kuti tipirire. Denga likadontha, pasiyensiya. Malipiro akachedwa, pasiyensiya. Lachinayi lililonse linali tsiku langa la odwala khunyu. Poyamba ankabwera ochepa, mobisa, ngati akudzaba. Atamva kuti kapiritsi koyera kotchedwa fenobabitali kamaletsa kugwa, anayamba kudzaza khonde, ena ochokera kumapiri olankhula Chilomwe chokhachokha, mpaka nanenso ndinachiphunzira mokakamizika.

Mwa odwala onsewo, amene ndinkawadalira kwambiri anali a Jasinto. Anali mlimi wa nandolo, woimba kwaya ku tchalitchi, wamtali, wofatsa, ndipo mkono wawo wamanzere unali ndi chipsera chachikulu cha moto umene anagweramo ali mnyamata. Ankakhala chikamwini kwa akazi awo, a Rozita. Chiyambireni kumwa mankhwala anatha zaka zitatu osagwa. Tsiku lawo sankalidumpha, kaya mvula kaya maliro, ndipo ine ndinkawagwiritsa ntchito ngati chitsanzo. Wodwala watsopano akamakayika ndinkangoti, "Taonani a Jasinto awo." Vuto lawo linali limodzi, ndipo mudzi wonse unkalidziwa. Mlamu wawo, a Bonifasiyo, mchimwene wa a Rozita komanso mwinimbumba, anawazulira nthochi zimene anabzala kumunsi kwa dimba, m'mphepete mwa mtsinje, ponena kuti mkamwini sabzala zokhalitsa pa nthaka ya eni. Kuyambira pamenepo awiriwa ankalima moyandikana osapatsana moni.

Dzinja la chaka chimene Lusiya analowa sekondale

Chaka chimenecho mvula inagwa yosaleka. Msewu unaduka pawiri, ndipo lole yobweretsa mankhwala inalephera kufika mwezi wathunthu, kenako wachiwiri. Chitini cha fenobabitali ndinkachigwedeza m'mawa uliwonse kuti ndimve kulira kwake, ndipo tsiku lililonse chinkalira mopepuka. Mankhwala amenewa ali ndi khalidwe loipa limodzi: munthu amene wawamwa nthawi yaitali sayenera kuwasiya mwadzidzidzi. Akasiya, khunyu imabwerera, nthawi zina mwamphamvu kuposa kale. Zimenezi ndinkazidziwa bwino, ndinali nditazikhoza pa mayeso.

Lachinayi lina pakhonde panatsala anthu awiri, ndipo m'chitini munatsala mapiritsi okwanira munthu mmodzi mwezi umodzi. Woyamba anali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, dzina lake Anita, amene mayi ake anamubereka kumsana kuwoloka naye mitsinje iwiri. Mwana ameneyu akasowa mankhwala ankagwa kangapo pa tsiku, ndipo ndinkaopa kuti tsiku lina sadzadzukanso. Wachiwiri anali a Jasinto, atakhala pa benchi, chipewa pa bondo, akudikira mwaulemu monga mwa masiku onse. Ndinalowetsa mwana uja kaye, n'kutseka chitseko. Ndinapatula mapiritsi asanu kuika pambali, otsala onse n'kuwakulunga m'pepala kupatsa mayi ake.

Kupatsa mwanayo sikundisowetsa mtendere. Chimene chimandisowetsa mtendere ndi chimene ndinachita a Jasinto atalowa. Ndinawapatsa asanu aja n'kunena kuti azimwa theka pa tsiku.

"Kodi mankhwala atha, a enfermeru?" anandifunsa. Kwathu kuno namwino timamutchula choncho.

"Ayi, sikuti atha kwenikweni," ndinatero ndikumwetulira. "Inu mwachira ndithu, bambo. Zaka zitatu! Thupi lanu likufunika kupumako pang'ono. Lole ikabwera ndikutumizirani uthenga."

"Ndiye kuti ndili bwino eti?"

"Muli bwino kwabasi."

Anaseka, anandigwira chanza ndi manja awiri, n'kukwera njinga yawo akuimba. Ndinanama chifukwa ndinkachita manyazi kuuza munthu wamkulu kuti ndasankha wina. Ndinanamanso chifukwa ndinkaopa kuti mbiri ikamveka yoti mankhwala atha, anthu amene ndinawakopa movutikira aja adzabwerera kwa asing'anga. Ndikanawauza zoona, mwina akanawoloka kukafuna mankhwala ku Malawi, poti anali ndi abale ku Muloza. Mwina akanapewa mtsinje ndi moto, ndipo a Rozita akanamawaperekeza kudimba. Koma munthu amene wauzidwa ndi namwino kuti wachira sadzisamala.

Patatha masabata awiri

Uthenga unandipeza masana ndikutsuka bala la munthu wina. A Jasinto amangidwa, a Bonifasiyo ali m'njira pa machira, diso laphulika. Zimene ndinamva pambuyo pake zinali izi. M'mawa umenewo a Jasinto anagwa khunyu kudimba. Kugwedezeka kutatha anadzuka, maso ali chitsegukire, khasu lili m'manja, n'kuyamba kuyenda molunjika kumtsinje umene unali wodzaza. A Bonifasiyo, amene ankapalira chapafupi, anathamanga n'kuwagwira kumbuyo. A Jasinto anatembenuka n'kuwamenya ndi mpini kumaso. Ife a ntchito imeneyi timadziwa kuti munthu akangodzuka kumene amatha kuyenda, kulankhula, ngakhale kumenya amene wamugwira, iye mwini asakudziwa chilichonse. Koma mudzi unali ndi nkhani yake. Munthu amene wachira zaka zitatu, amene anauza kwaya yonse kuti namwino wamutsimikizira kuti ali bwino, angagwe bwanji tsiku lomwelo pafupi ndi mdani wake? Onse anati wanamizira khunyu kuti abwezere nthochi zake.

Apolisi atapempha chipatala kuti chilembe lipoti lopita kukhoti, ndinapita kukaona a Jasinto m'chitokosi. Ndinawapeza atakhala pansi, ataonda, malaya akadali ndi magazi ouma. Ndinawapempha kuti andiuze zonse zimene akukumbukira.

"Ndinawerama kuti ndizule udzu," anatero. "Dzuwa linali litangotuluka pamwamba pa mitengo. Ndinamva fungo ngati nsalu ikupsa. Basi. Kenako ndili pa mtengo wa mango, andimanga ndi chingwe cha mbuzi, dzuwa lili paliwombo, a Rozita akulira."

"Nanga pakatipo? Simunaone kanthu? Mdima?"

"Si mdima ayi. Mdima munthu umauona. Pakatipo palibe, a enfermeru. Kuwerama kuja ndi chingwe chija n'zogundana. Akundiuza kuti panadutsa maola atatu. Ine maola amenewo sanandidutse."

Ndinawauza kuti ndilemba kuti sankadziwa chimene ankachita. Ndinkayembekezera kuti asangalala, koma anapukusa mutu.

"Musafulumire. Ndikuuzeni chimene sindinauze ngakhale ansembe. Alamu anga aja ndakhala ndikuwamenya mumtima chaka chonse. Ndikamapalira ndinkaganiza kuti mpini uwu utawapeza kumaso. Ndendende mmene zachitikiramu. Ndiye ndikufunseni, inu ophunzira: pamene ine ndinachoka, amene anatsala n'kunyamula mpini ndi ndani? Mwina ameneyo ndiye Jasinto weniweni, ndipo woimba kwayayu ndi malaya chabe. Manja ndi anga, chidani n'changa. Lembani kuti ndine."

Ndinangowauza kuti kulakalaka chinthu ndi kuchichita n'zosiyana, kuti chaka chonse chija mpini unali m'manja mwawo tsiku lililonse ndipo sanaukweze, ndipo wosaukwezayo analinso iwo. Sindikuganiza kuti anakhutira. Ndinatuluka ndisanawauze kanthu za chitini.

Lipoti

A shefi anawerenga zimene ndinalemba koyamba n'kuvula magalasi. M'lipotimo ndinali nditalemba kuti mankhwala anatha, kuti ndinachepetsa mlingo, ndiponso kuti sindinamuchenjeze wodwala.

"Mwapenga kodi?" anatero. "Pepala ili lipita kukhoti, kuchoka kukhoti lipita kwa akuluakulu. Adzafunsa kuti bwanji sitinatumize munthu pa njinga kukatenga mankhwala. Adzafunsa ine, adzafunsa inu. Lembani kuti wodwala anasiya yekha kumwa. Ambiri amasiya okha, si bodza lalikulu. Khunyu yake ikhalabe yoona, ndipo tonse tipulumuka."

Ndinawayankha kuti si tonse. Ndikalemba kuti anasiya yekha, khoti lidzati anasankha dala kudziika pa ngozi. Ndikapanda kutchula za mankhwala, lidzati munthu womwa mankhwala, wochira zaka zitatu, sangagwe, ndiye kuti ananamizira. Njira yokha yoti a Jasinto atuluke inali yoti ine ndilowe m'nkhaniyo. A shefi anati dzina langa linali pa mndandanda wa okwezedwa kupita m'tauni, kumene inu ana anga mukanaphunzira muli pakhomo, ndipo ndiganize bwino. Anandipatsa masiku awiri. Sindikubisirani, ndinalemba lipoti lachiwiri lija, labodzalo, ndipo linagona m'thumba la gauni langa masiku awiri onsewo.

Iwe Lusiya, popeza tsopano umaphunzitsa sayansi ya fizika, pa Khirisimasi yapitayi unandiuza chinthu chimene chinandichititsa kutenga cholembera. Unati chilichonse chimachitika chifukwa cha china chimene chinachitika kale, ngakhale za m'mutu mwathu, ndipo ena mwa akatswiri amati dzulo, lero ndi mawa zonse zilipo kale, monga mzinda wa Mocuba umakhala ulipo ngakhale basi isanafike. Unati mwina kusankha kumene timadzitama nako n'kongomveka chabe. Sindinakutsutse, poti masamu ake sindiwadziwa. Koma ndayesa kuyala nkhani iyi mwa njira yakoyo. Mvula inadula msewu, msewu unaimitsa lole, lole inaumitsa chitini, chitini chinandinamitsa ine, bodza langa linatumiza munthu kudimba yekha, khunyu inakweza mpini, mpini unaphulitsa diso. Mvula ndimaikhululukira. Lole ndi chitini ndimazikhululukira, ngakhalenso dzanja la a Jasinto. Koma ndikafika pa ine, mzerewo umakana kuyenda. Ndimakumbukira bwinobwino kuti pakamwa panga panali mawu awiri, oona ndi onama, ndipo ndinamva kulemera kwa onse ndisanatulutse amodzi. Kaya kumva kumeneko n'konyenga, mwana wanga, ine ndilibe pena pokhala kupatula m'kati mwake.

Amene anathetsa nkhani anali mayi anu. Ndinawawerengera malipoti onse awiri akusenda chinangwa pakhonde, ndikuwamasulira m'Chinyanja. Sanasiye kusenda.

"Nyumba ya m'tauniyo ndimaifuna," anatero. "Ndatopa n'kutunga madzi kutali. Koma mukapereka lachiwirilo, mudzadwala. Ndimakudziwani. Mudzayamba kukalipira ana popanda chifukwa, ndipo wovutika ndidzakhala ine. Perekani loyambalo, tizivutika ndi madzi."

Kukhoti woweruza anali mayi wachikulire wolankhula pang'onopang'ono. Anandifunsa m'Chipwitikizi ngati woimbidwa mlandu ankadziwa chimene ankachita. Ndinayankha kuti m'mutu mwa munthu sindingalowemo, koma zonse zimene ndinaphunzira ndi kuona zikusonyeza kuti sankadziwa, ndipo anagwa chifukwa mankhwala anatha ndipo ine ndinamuuza kuti wachira. Womasulira anafupikitsa zonsezi kukhala mawu ochepa, akuti namwino akuti mankhwala anatha. Za mwana uja sindinatchule, ndipo palibe anafunsa. Kenako woweruza anafunsa a Bonifasiyo, amene anali ndi bandeji kumaso, kuti anaona chiyani asanamenyedwe. Abale awo anali atawapangira zonena, koma iwo anayankha zawo m'Chinyanja.

"Alamu angawa ndimadana nawo, ndipo iwo amadana nane. Akamandiyang'ana ndimadziwa. Tsiku lija anandiyang'ana ngati akuyang'ana chitsa. Munalibe munthu m'maso muja. Chidaninso munalibe."

A Jasinto anamasulidwa, n'kulamulidwa kuti azipitiriza mankhwala. Patatha miyezi itatu kalata yanga inabwera, osati ya m'tauni koma ya kudera la Molumbo, kumene msewu umatha n'kutsala njira ya njinga. A shefi anandipatsa kalatayo osandiyang'ana, n'kunena kuti pasiyensiya. Tinakhalako zaka zisanu ndi ziwiri. N'chifukwa chake inu awiri munakulira kwa azakhali anu, ndipo Maria anabadwira kumeneko. Munkandifunsa chifukwa chake, ine n'kumangoti ndi mmene boma limachitira. Chifukwa chake ndi chimenechi, ndipo ndikupepesa kuti mwachimva mochedwa.

Chaka chatha, nditapuma pa ntchito

A Jasinto ndinakumana nawonso pa msika wa Milange nyengo ya nandolo, pamene amalonda amaimika masikelo m'mbali mwa msewu. Tsitsi linali litayera, koma kutalika kunali komweko. Anali ndi matumba awiri pa njinga, ndipo anandiuza kuti limodzi ndi la a Bonifasiyo. Chichokereni kukhoti kuja a Jasinto akhala akuwalimira alamu awowo gawo la munda chaka chilichonse ndi kuwagulitsira zokolola, popeza ndi diso limodzi sathanso kupalasa njinga pamsewu waukulu. Palibe anawalamula. Moni amapatsana tsopano, koma za nthochi sanagwirizanebe. Tinakhala pa benchi ya mayi wina wogulitsa tiyi, ndipo ine, amene ndinali nditasenza nkhaniyi zaka zonsezi, ndinaona kuti ndikapanda kuitula tsiku limenelo ndidzapita nayo kumanda.

"Bambo Jasinto, pali chimene simunamve kukhoti. Lachinayi lija mapiritsi analipo, okwanira munthu mmodzi. Ndinapatsa mwana uja analowa inu musanalowe. Inu ndinakunamizani kuti mwachira."

Anaika kapu pansi. Anayang'ana kumsewu.

"Kamtsikana kaja kanali kumsana kwa mayi ake? Kali moyo?"

"Ali moyo. Ali pa banja, ali ndi ana awiri."

"Chabwino," anatero. "Zimenezo n'zabwino." Kenako anawonjezera kuti, "Mukanandiuza, ndikanati mupatseni mwanayo."

Ndinayesa kuti andimasula. Koma anali asanamalize.

"Kapena ndikanakana. Moto ndimauopa, a enfermeru, mukuona mkonowu. Mwina ndikanalanda pepala lija m'manja mwa mayi ake. Sindikudziwa. Zaka zonsezi ndakhala ndikudzifunsa kuti ndine munthu wotani, woimba kwaya kapena wa mpini. Maola atatu aja sangandiyankhe, poti sindinalipo. Koma Lachinayi lija ndinalipo, ndi nzeru zanga zonse, nditakhala pa benchi yanu. Limene likanandiyankha ndi tsiku limenelo." Anatenga chipewa chawo n'kuimirira. Sanakwiye, ndipo anandigwira chanza ndi manja awiri. "Simunandifunse."

Anakankha njinga yawo kupita ku sikelo. Ine ndinatsala pa benchi paja mpaka mwini tiyi anandipempha kuti ndisunthe, akufuna kukhazika anthu ena.